Mbaula, pensulo ndi nkhoswe ya chitsulo

Madzulo ena tili kwa agogo ku Nchema, ndinaona kalawi ka buluu kakuvina pamwamba pa makala m'mbaula. Mng'ono wanga wa Fomu 3 anali pambali, akujambula mapu ndi pensulo. Nditamuuza kuti lawilo ndi pensuloyo zili pa ubale, anati, "Achimwene, mwayamba bodza."

Si bodza ayi. Lawi la buluulo ndi mpweya wa carbon monoxide ukuyaka, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Ukausakaniza ndi hydrogen umatchedwa synthesis gas. Mu 1925, Franz Fischer ndi Hans Tropsch a ku Germany anaonetsa kuti mpweyawu ukadutsa pa ayironi kapena cobalt wotentha, umasanduka ma hydrocarbon. Ku South Africa, kampani ya Sasol yakhala ikupanga mafuta mwa njirayi kuchokera ku malasha kuyambira mu 1955.

Chitsulocho ndiye catalyst. Ine ndimati ndi nkhoswe: imalumikizitsa awiri, koma yokha silowa m'banjamo. Ikamaliza apa, ikupita kukamanga ukwati wina.

Nanga pensulo ikubwera pati? Mtima wake ndi graphite wosakaniza ndi dongo. Graphite ndi carbon yekhayekha, woyalana m'magawo ngati mphasa zosanjikiza. Akatswiri amamwaza timibulu ta ayironi tosaoneka ndi maso pa mphasa zimenezi. Ubwino wake, graphite sagwira ayironi mothina ngati momwe alumina amachitira nthawi zambiri, choncho ayironiyo amasanduka msanga iron carbide, yemwe ndiye amagwira ntchito yeniyeni. Komanso ntchitoyi imatulutsa kutentha kwambiri, ndipo graphite amakumwaza bwino.

Povuta ndi apa: ma atomu a carbon amalumikizana ngati mikanda pa ulusi. Ukatalika kwambiri, wapeza phula. Ukafupika zedi, wapeza methane basi. Ofuna ethene wopangira pulasitiki, kapena propane ndi butane wa m'masilinda ophikira, amakweza kutentha kupitirira madigiri 300 kuti ulusiwo uduke msanga.

Graphite tili naye konkuno. Kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inamupeza wambiri ku Kasiya ndi ku Malingunde, m'boma la Lilongwe, pomwe petulo ndi dizilo timachita kuitanitsa kunja.

Mng'ono wanga anaitembenuza pensulo ija, n'kufunsa ngati zimenezi zimabwera pa mayeso a MSCE. Agogo anangoti tichotse mbaula pakhomo.