Kusankha Zida Zomangira Nkhope ya Pulogalamu

Lero tikambirana za chisankho chimene mmisiri wa makompyuta amakumana nacho asanayambe ntchito yake.

Pulogalamu imalembedwa m'chilankhulo cha kompyuta, monga Python kapena Ruby. Koma mabatani, timabokosi tolembamo ndi zonse zimene munthu amaona pagalasi zimachokera m'thumba la zida lotchedwa toolkit. Wolemba m'Python amapeza Tkinter ili kale momwemo, ndipo ndi yopepuka. Qt, imene idatuluka ku Norway mu 1995, ili ndi zida zochuluka, koma malamulo a chilolezo chake ngofunika kuŵerenga mofatsa. GTK idazoloŵereka kwambiri pa Linux.

Nanga mmisiri atenge iti? Phunziro tilipeza ku Balaka. Mu 2011 bungwe la VillageReach lidatsegula Chipatala cha pa Foni m'bomalo, kuti amayi oyembekezera ndi olera ana aziimba foni mwaulere kupempha malangizo. Olandira mafoniwo ankatsogoleredwa ndi pulogalamu yochokera ku Baobab Health, bungwe limene mu 2001 lidaika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Amisiri ake adaona kuti ogwira ntchito m'zipatala ambiri sadazoloŵere kutaipa. Motero adakonza zida zaozao: mabatani akuluakulu, funso limodzi pa nthaŵi imodzi, popanda kiyibodi.

Apa tiona kuti posankha zida, choyamba nkuyang'ana dzanja limene lidzazigwire. Mmisiri wolembera chipatala cha ku Liwonde kapena Ntaja adzifunse mafunso anayi. Kodi wogwiritsa ntchitoyo adzamva msanga, pamene odwala ali pamzere? Kodi zidazo zidzayenda pa kompyuta yakale kapena foni yotsika mtengo? Kodi zidzaonetsa bwino mau a Chicheŵa ndi a Chiyao, ndi chilembo chathu chija cha ŵ? Nanga iye akadzachoka, alipo wina m'Malaŵi muno wodziŵa kuzikonza?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Batani lokongola koma laling'ono likhoza kulembetsa mlingo wolakwika wa mankhwala, ndipo wovutika adzakhala mwana wodwala.