Matchona, Yureniyamu ndi Bomba: Mbiri Imene Imalumikiza Mangochi ndi Krugersdorp

Boma la Mangochi, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndi limodzi mwa maboma amene ana ake ambiri amakafuna ntchito ku South Africa. Kwa Makanjira, kwa Mponda, kwa Chimwala kapena ku Namwera, nkovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni. Chambo chitayamba kusowa m'nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, anyamata amene akanakhala alovi pa makoka a makolo awo anatembenukira ku msewu. Amakwera kwa matransipota, nkudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge. Pasipoti ya Malawi imawapatsa masiku 30 okha ocheza. Masikuwo akatha, munthu amasanduka wopanda mapepala, ndipo nkhani ya ufulu wake imayambira pomwepo.

Ulendowu ndi wakale. M'nthawi ya atsamunda bungwe la Wenela linkalemba amuna a kuno kukagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali pa kontalakiti kumeneko. Ankakwera ndege pa Chileka kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupitiriza pa sitima ya pamtunda. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafa. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 kudzera ku Teba, yomwe anthu amangoti Theba, ndipo inatheratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa zoyeza anthu HIV.

Pali chinthu chimodzi chimene amuna ambiri a Wenela sanauzidwe. Mwala umene ankaphwanya pansi pa nthaka sunali ndi golide yekha, munalinso yureniyamu, mwala umene umapangira magetsi a nyukiliya komanso mabomba. Mu 1952 fakitale yoyamba yosefa yureniyamu ku South Africa inatsegulidwa pa mgodi wa West Rand Consolidated ku Krugersdorp, ndipo pasanathe zaka khumi migodi ya golide yoposa 20 inali kupereka mwalawu. Ogula anali America ndi Britain, amene panthawiyo ankathamangitsana ndi Soviet Union pakuchulukitsa zida. Yureniyamu akamawola amatulutsa mpweya wotchedwa radon, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayambitsa khansa ya m'mapapo. Pakuti migodiyo inkawerengedwa kuti ndi ya golide, anthu akuda ogwira ntchito pansi sankatengedwa ngati antchito a nyukiliya, ndipo kwa zaka zambiri panalibe wolemba kuchuluka kwa mpweya umene munthu aliyense anapuma. Kontalakiti ikatha, munthu ankabwerera kumudzi ndi sutikesi, wailesi, njinga ndi chifuwa chimene achibale sankadziwa gwero lake.

Africa inalowa m'nkhani ya bomba kuyambira pachiyambi. Yureniyamu wambiri amene America inagwiritsa ntchito pokonza mabomba ake oyamba, kuphatikizapo limene linaphulitsidwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Dziko la France linayesa bomba lake loyamba ku Reggane m'chipululu cha Algeria pa 13 Febuluwale 1960. Kutatsala miyezi iwiri, kagulu ka anthu ochokera ku Ghana, Britain, America ndi maiko ena kananyamuka ku Accra pa galimoto kuti kakakhale pamalo oyeserawo, koma Afalansa anakabweza ku Upper Volta, komwe lero ndi Burkina Faso. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali mbusa wa Anglican, Michael Scott, amene akuluakulu a ku Ntcheu amamukumbukira pa nkhani ina. Mu 1953 iye anali pambali pa Inkosi Gomani II pamene mfumuyo inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma la atsamunda linamuthamangitsa m'dziko muno. Kwa anthu a m'badwo umenewo, kukana bomba ndi kukana utsamunda inali nkhondo imodzi, chifukwa zonse ziwiri zinkachitika pa nthaka ya Aafirika popanda kuwafunsa.

Boma la tsankho la South Africa nalo linadzipangira mabomba 6 mwachinsinsi. Linawaphwasula lisanapereke mphamvu kwa anthu akuda, ndipo F.W. de Klerk anaulula zimenezi pa 24 Malichi 1993. Izi zinatsegula njira ya Pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Africa yense, lomwe linasainidwa ku Cairo pa 11 Epulo 1996 nkuyamba kugwira ntchito mu Julayi 2009. Pa 7 Julayi 2017 maiko 122 anavomereza ku United Nations pangano loletseratu zidazi padziko lonse. Mgwirizano wa mabungwe a anthu wamba wa ICAN, umene unalimbikira kuti panganoli likhalepo, unalandira mphoto ya Nobel chaka chomwecho. Malawi inasaina pa 20 Seputembala 2017 ndipo inamaliza kuvomereza mu Juni 2022. Maiko onse 9 okhala ndi mabomba anakana kulowamo.

Kuno kwathu nkhaniyi inafika ndi mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Mu 2007 mabungwe angapo, kuphatikizapo Centre for Human Rights and Rehabilitation ndi Citizens for Justice, anatengera nkhani ya mgodiwu kukhoti, akudandaula kuti dziko linalibe lamulo loyang'anira miyala yotulutsa poizoni wamtunduwu. Mlanduwo unathera kunja kwa khoti, kampani ya Paladin inatsegula mgodiwu mu 2009, ndipo lamulo la Atomic Energy Act linabwera mu 2011. Yureniyamu wa ku Kayelekera amagulitsidwa kuti akapangire magetsi, osati zida. Komabe msodzi wa ku Malembo kapena ku Msaka ali ndi chifukwa chotsatira nkhaniyi. Madzi a m'dera la mgodiwo amatsikira mu mtsinje wa North Rukuru nkulowa m'nyanja, ndipo nyanja yonseyi ili ndi khomo limodzi lotulukira, mtsinje wa Shire, womwe umayambira pa Mangochi.

Ku Krugersdorp komwe South Africa inayambira kusefa yureniyamu ndi komwenso kuli Lindela, malo amene boma la South Africa limasungira alendo opanda mapepala lisanawabweze kwawo. Anatsegulidwa mu 1996 m'nyumba zimene kale zinali komponi ya anthu a mu mgodi. Adzukulu a amuna amene ankachita kuitanidwa ndi ndege lero amatsekeredwa m'tauni yomweyo podikira basi yowataya kwawo. Mabungwe a maloya akhala akulimbana ndi zochitika pamalowa. Mu 2014 khoti linagamula kuti kusunga munthu pa Lindela kupitirira masiku 120 nkuphwanya lamulo, ndipo mu 2017, pa mlandu umene anabweretsa a Lawyers for Human Rights, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula kuti womangidwa pa nkhani ya mapepala azionekera kukhoti pasanathe maola 48. Mnyamata wa ku Chiponde amene wagwidwa pa msewu ku Mayfair ali ndi ufulu umenewu, ngakhale kuti ambiri amapita osauzidwa.

Chiwawa chodana ndi alendo chinabuka ku Alexandra mu Meyi 2008 nkufalikira madera ena, ndipo chinapha anthu 62. Chinabukanso ku Durban mu Epulo 2015, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ambiri mwa iwo a ku Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Ulendo umenewo anthu sanakhale chete. Ku Durban anthu zikwizikwi anayenda pa msewu kukana chiwawacho, ku Lilongwe anthu anakapereka chikalata ku ofesi ya kazembe wa South Africa, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi linaitanitsa tsiku lonyanyala masitolo a ku South Africa. Gulu la Operation Dudula litayamba kutsekereza alendo pa zipata za zipatala, mabungwe monga Kopanang Africa Against Xenophobia analitengera kukhoti ku Johannesburg, ndipo mu Novembala 2025 khoti linati anthu wamba alibe mphamvu yofunsa munthu mapepala kapena kumuletsa chithandizo.

Koma chitetezo chimene munthu wa ku Mangochi amachidalira tsiku ndi tsiku sichikhala ndi ofesi. Ndi gulu la anthu a mudzi umodzi pa WhatsApp, ndi mzikiti kapena tchalitchi chimene amapemphera. Wina akamwalira ku Joni, uthenga umazungulira m'mafoni usiku womwewo, aliyense amaponya ma randi ake, mlembi amalemba maina, ndipo pamapezeka ndalama yoikira maliro kapena yonyamulira thupi mpaka kumudzi. Wina akagwidwa, gulu lomwelo ndi limene limadziwitsa akwawo. Magulu amenewa ndi olimba pa maliro, koma ndi ofooka pa milandu, chifukwa munthu wopanda mapepala amaopa kukasuma bwana amene wamubera malipiro.

Mlandu womwewo uliponso kuno. Anthu a ku Mangochi analandira othawa nkhondo a ku Mozambique pamene Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma lamulo la othawa kwawo la 1989 silinawapatse ufulu wokhala ndi kugwira ntchito paliponse, ndipo mu Meyi 2023 apolisi anasonkhanitsa mabanja ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankachita malonda m'matauni nkuwabwezera ku Dzaleka, msasa womangidwira anthu pafupifupi 12,000 koma wosunga oposa 50,000. Nkovuta kudzudzula Dudula ndi mtima wonse zoterezi zikuchitika pakhomo.

Amuna a Wenela ndi Theba amene adakali moyo ndi okalamba tsopano. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ma randi 5 biliyoni woti makampani 6 a golide alipire anthu amene anadwala matenda a fumbi la mu mgodi ndi TB, kudzera ku Tshiamiso Trust. Ukukhudza amene anagwira ntchito kuyambira pa 12 Malichi 1965 mpaka Disembala 2019, kuphatikizapo Amalawi ndi amasiye awo, ndipo bungwe la Ex-Miners Association of Malawi lakhala likukumbutsa boma za ndalama za anthuwa. Wodandaula amafunika umboni wa mgodi umene anagwirako, monga nambala yake ya ntchito, ndi kuyezedwa m'chifuwa, zinthu zovuta kwa nkhalamba ya ku Katuli imene mapepala ake anadyedwa ndi chiswe kalekale. Khansa yobwera ndi mpweya wa yureniyamu siili pa mndandanda wa matenda olipiridwa pa mgwirizanowo.