Osathamangira format, mafailo anu akali momwemo

Laciwiri lapitali ndinakwera basi m'tauni kupita ku Matero dzanja lili pa thumba la jekete ngati muli malipiro a mwezi. Kondakita anandiyang'ana n'kuseka. "Ba mudala, masukani, muno mulibe kawalala." Sanadziwe kuti m'thumbamo munali kabokosi kakuda, ndipo m'kabokosimo munali zithunzi zonse za malemu amai anga.

Nkhani inayamba tere. Laputopu yanga yakale inafa, sinayakenso. Mnyamata wokonza makompyuta anacotsamo hard drive, naiika mu kakesi kokhala ndi nthambo ya USB, nati nditha kuilumikiza ku kompyuta iliyonse. Mwezi wamawa banja lathu liika mwala pamanda a amai, ndipo abale anandituma ine kupeza cithunzi cabwino. Nditalumikiza ku laputopu yatsopano, foda yochedwa Users inatseguka bwino. Koma nditadiniza foda ya dzina langa, panabwera mau a Cizungu akuti ndilibe cilolezo. Ndinadiniza Continue, ndinayembekeza, ndipo inakananso: "Access is denied". Zinthu zanga, dzina langa, koma makina akundithamangitsa ngati mlendo.

Ndiye cifukwa cake ndinapita m'tauni tsiku lija. Pa kashopu kena ka mafoni ndi makompyuta, mnyamata analumikiza, anaona uthenga uja, napukusa mutu. "Boss, iyi yacita corrupt. Ifunika cabe format, izakhala monga ya nyowani." Ndinafunsa za zithunzi. "Ah, izo zizayenda." Ndinatenga kabokosi kanga n'kutuluka.

Madzulo ndinafika kwa mlongo wanga ku Matero nkhope itagwa. Mwana wake wamkazi, amene aphunzira za makompyuta ku koleji, anamva nkhani yonse nati, "Amalume, mwacita bwino kukana. Palibe camene caonongeka. Drive yanu ili monga basi yamene yagulitsidwa, koma white book ikali mu dzina la mwine wakale."

Apa ndinamvetsa msanga, ndipo inunso okwera mabasi mudzamva. Basi ingakhale pa yadi panu, makiyi ali m'manja mwanu, koma ngati simunapite ku RTSA kukasintha umwini, mapepala akuti si yanu. Windows nayonso imacita cimodzimodzi. Hard drive yake imakonzedwa mu dongosolo lochedwa NTFS, limene limalemba pa failo iliyonse ndi foda iliyonse mwini wake ndi anthu ololedwa kutsegula. Ndipo sililemba dzina lanu, limalemba nambala yaitali yochedwa SID, imene kompyuta imapatsa akaunti iliyonse. Olo mulembe dzina limodzimodzi pa laputopu yatsopano, nambala imakhala ina. Kwa makina, ndinu munthu wina.

Mankhwala ake ndi kusintha umwini, ndipo mwanayo anandionetsa pang'onopang'ono. Coyamba, akaunti imene mukugwiritsa nchito ikhale ya administrator. Citani right click pa foda yokana, sankhani Properties, kenaka Security, kenaka Advanced. Pamwamba pali mau akuti Owner, ndipo pambali pake Change. Dinizani pamenepo, lembani dzina la akaunti yanu yatsopano, dinizani Check Names ndi OK. Musaiwale kucongera kabokosi kolembedwa "Replace owner on subcontainers and objects", cifukwa mukakasiya mudzakhala mwini wa citseko cakunja cabe, zipinda zamkati zikali zokhoma. Mukadiniza Apply, makina adzayamba kuyenda pa failo imodzi-imodzi. Akamaliza, tsekani mawindo onse, bwererani ku Security, onjezani dzina lanu ngati palibe, ndi kulipatsa Full control.

Kwa ife mafoda ena anakanabe. Mwanayo sanade nkhawa. Anatsegula Command Prompt mwa kusankha Run as administrator, naona kuti drive yanga yapatsidwa cilembo E, nalemba:

takeown /f E:\Users /r /d y

Mizere inathamanga pa sikirini kwa nthawi ndithu. Itaima, analembanso:

icacls E:\Users /reset /t /c

Lamulo loyamba litenga umwini wa foda ndi zonse zamkati mwake. Laciwiri lifafaniza zilolezo zakale kuti mafoda atsatire za pamwamba pake. Anandicenjeza kawiri: "Amalume, muziona bwino letter. Osalemba C, ija ndiye ya Windows yeniyeni, mungasokoneze kompyuta yonse."

Nsima isanafike patebulo, foda ya Pictures inatseguka. Amai anali pamenepo, atavala citenge cao ca ku chalichi, akuseka pa cilanga mulilo ca mdzukulu wao. Mlongo wanga anasiya mthiko n'kukhala pansi. Kwa kanthawi palibe analankhula.

Pambuyo pake ndinafunsa za mavuto ena ofanana ndi ili, popeza ambiri a ife timayenda ndi ma flash ndi ma drive kucoka ku ofesi kupita ku cafe. Ngati mwalumikiza ku Mac ndipo mafailo akutseguka koma simungasungemo ciliconse, si vuto la cilolezo: Mac imawerenga NTFS koma payokha silembamo. Drive yoyenda pakati pa Windows ndi Mac imayenda bwino pa exFAT, imene ilibe za umwini konse. FAT32 nayonso ilibe, koma imakana failo yopitirira 4GB, ndiye vidiyo yaitali ya ukwati singalowe. Kumbukirani kuti kusintha dongosolo kumafuna format, conco koperani zonse kwina musanayambe.

Ngati mafoda asanduka ma shortcut mutacoka ku cafe, kawirikawiri ndi virus imene yabisa mafailo, ndipo akali momwemo. Koma ngati drive inakhomedwa ndi BitLocker, kutenga umwini sikuthandiza, pafunika password kapena recovery key. Ndipo mukamva drive ikulira kuti tiki-tiki, icotseni msanga. Ilo ndi vuto la makina amkati, ndipo kuikakamiza kumangoonjezera cilonda.

Pali cinthu cimodzi cimene cinandisowetsa tulo usiku uja. Ngati mwana wa mlongo wanga anatsegula foda yanga ndi mizere iwiri cabe, ndiye kuti aliyense wotola drive imene mwaiwala pa mpando wa kumbuyo angacite cimodzimodzi. Zilolezo za Windows si loko yeniyeni. Ngati muli kopi ya NRC, mapepala a ku banki kapena a nchito, ikani password ya encryption, ndipo muilembe pamalo amene simudzaiwala.

Lomba zithunzi za amai zili pamalo atatu: pa laputopu, pa drive ina, ndi pa foni ya mlongo wanga. Mnyamata wa pa kashopu sindimuimba mlandu wa kuba, mwina anangothamangira njira yacidule imene aidziwa. Koma inu, wina akakuuzani kuti "ifunika cabe format", mufunseni coyamba ngati wayang'ana pa Owner. Akakuyang'anani modabwa, tengani katundu wanu mukakwere basi.