Mnyamata Wosewera Paliponse

Pabwalo lina la fumbi ku Mandimba, kufupi ndi msewu wopita ku Chiponde, ndidaona mnyamata akuyamba masewero ali pagolo, lopangidwa ndi nsungwi ziwiri. Mnzake wakutsogolo atavulala chala, iye adavula malaya a goloboyi, n'kupatsa wina, napita kukamwetsa zigoli. Nsapato adali nayo imodzi, kuphazi lomenyera mpira. Inayo adavala m'bale wake. Kuno palibe amene amadabwa nazo. Timu ikakhala ndi anthu khumi ndi mmodzi okha, aliyense amaphunzira kutchinga, kugawa ndi kugoletsa, ndipo ambiri adayambira pa mpira wachikulunga.

Ku Scotland, pakati pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse, mpira udalinso wa ana a amphawi, a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a zitsulo. Alex James adabadwa mu 1901 ku Mossend. Ku Raith Rovers ndi ku Preston North End ankadziwika ndi kugoletsa, ndipo adamwetsa zigoli ziwiri pamene Scotland idakwapula England 5-1 pa Wembley mu 1928. Atapita ku Arsenal mu 1929, mphunzitsi Herbert Chapman adamubweza m'mbuyo kuti azigawa mipira. Zigoli zake zidachepa, koma timu idatenga naye ligi kanayi.

Ifenso a ku Mozambique tili naye wathu. Mário Coluna, wobadwira ku Inhaca mu 1935, adafika ku Benfica mu 1954 ngati womwetsa zigoli, napeza malowo ali ndi mwini wake, José Águas. Adamuika pakati, ndipo ndi pamenepo padatuluka ukatswiri wake wonse: adagoletsa m'mafainolo onse awiri a chikho cha ku Ulaya mu 1961 ndi 1962, natsogolera Portugal ya Eusébio pa chikho cha dziko lonse mu 1966.

Luso ndi lomwelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti James adali ndi makwerero. Timu zing'onozing'ono za kwawo zidali ndi ligi yeniyeni, ofufuza osewera ankaima m'mphepete mwa bwalo Loweruka, ndipo nyuzipepala zinkalemba mayina, n'chifukwa chake mpaka lero tikudziwa malo amene James adasewera. Coluna naye adakulira pafupi ndi matimu a ku Lourenço Marques, Maputo ya lero. Nanga mwana wa ku Massangulo, m'boma la Ngauma, amuona ndani? Maputo ili kutali kwambiri. Sitima ya ku Cuamba imapita ku Nampula itadzaza anthu ndi katundu, koma dzina la mnyamata uja palibe amene adalilemba ngakhale m'kope. Bonanza ikatha, mbuzi ya mphoto ikadyedwa, iye amabwerera kumunda wa fodya kapena kukapalasa kabaza.

Inu akuluakulu a mpira ku Lichinga, tumizani anthu m'maboma muno. Ndipo inu aphunzitsi a m'midzi, gulani kope, muzilemba mayina a anyamatawa, zigoli zawo ndi malo amene asewera.