Mapu a Mfundo Pophunzitsa za Mjigo

Mapu a mfundo, amene Joseph Novak anayambitsa ku Cornell mu 1972, ndi mawu olembedwa m'timabokosi tolumikizidwa ndi mizere. Ku Cassacatiza tingayambire pa mjigo, popeza ana amaudziwa kale. Pabolodi tilembe "chogwirira", "ndodo", "pisitoni", "valavu" ndi "madzi", ndipo ana aike mneni pa mzere uliwonse: chogwirira chimakweza ndodo, ndodo imakoka pisitoni.

Ntchito yeniyeni yagona pamizerepa. Mwana angathe kuloweza mayina a zipangizo m'Chipwitikizi osamvetsa kanthu, koma mneni amene wasankha m'Chinyanja amaulula pamene wasokonezeka. Akalemba kuti valavu "imakankha" madzi, tisafulumire kufufuta. Timufunse chimene chimaletsa madziwo kubwerera pansi iye akasiya kupopa, kenako timupatse choko akonze yekha mzerewo.