Kodi Mumadziwa? Khanda Lolira Madzulo ndi Mkaka wa mu Tiyi wa Mayi

Khanda likayamba kulira dzuwa litangolowa, timiyendo litapinda, nkhope ili psuu, aphungu amachuluka pakhomo. Apongozi akuti mwadya kabichi. Mnansi akuti ndi nyemba zija za dzulo. Masiku ano pabwera woimbidwa mlandu wina, wofika kudzera pa WhatsApp kuchokera kwa alamu a ku Joni kapena a ku UK: "Siyani mkaka wa ng'ombe, mlamu, ndiwo ukumupotokola m'mimba mwanayo." Musanataye chambiko, imvani izi.

Kodi mumadziwa kuti kulira kwa khanda kuli ndi nyengo yake? Kumakwera kuyambira sabata yachiwiri, kumafika pachimake mwana ali ndi masabata 6, kenako kumatsika kokha pofika miyezi itatu kapena inayi. Dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, anatsatira makanda 80 athanzi n'kulengeza mu 1962 kuti pa sabata yachisanu ndi chimodzi ankalira maola oposa awiri ndi theka pa tsiku, makamaka chakumadzulo. Apa ndiye pali msampha. Mayi wosiya mkaka wa ng'ombe mwana ali ndi masabata 6 adzaona kulira kukuchepa ndithu, n'kuthokoza tiyi wopanda mkaka, chikhalirecho kulirako kunali kale pa ulendo wotsika.

Kodi mumadziwa kuti kulira kopyola muyeso kuli ndi masamu ake? Anawakhazikitsa Morris Wessel mu 1954: maola oposa atatu pa tsiku, masiku oposa atatu pa sabata, kwa masabata oposa atatu, koma mwanayo akuyamwa bwino ndipo akukwera sikelo. Azungu amati colic.

Kodi mumadziwa kuti ganizo lakuti mayi asiye mkaka wa ng'ombe linatchuka kuchokera kwa makanda 19 okha? Mu 1978, madokotala awiri a ku Malmö m'dziko la Sweden, Irene Jakobsson ndi Tor Lindberg, anauza amayi 18 a makanda olira kwambiri kuti asiye chilichonse chochokera ku mkaka wa ng'ombe. Makanda 13 anatonthola, ndipo 12 anayambiranso amayi awo atabwerera ku mkakawo. Zikumveka zogwira mtima. Koma mu 1981 gulu lina ku New Zealand linayesanso mwanzeru ina: linkapatsa amayi chakumwa chobisika, mwakuti mayi sankadziwa ngati tsikulo wamwa mkaka wa ng'ombe kapena ayi. Kulira kwa ana sikunatsate mkaka. Mtima wa mayi wosagona umafulumira kuona kusintha komwe ukulakalaka, ndipo palibe angamunene pa zimenezo.

Kodi mumadziwa kuti ana owengedwadi ndi mkaka wa ng'ombe alipo, koma ndi ochepa? Ku Odense, m'dziko la Denmark, Arne Høst ndi anzake anatsatira ana 1,749 obadwa mu 1985. Owengedwa anali pafupifupi awiri pa 100 aliwonse. Amene zizindikiro zinawayamba akadali pa bere lokha anali 9 basi, kutanthauza mmodzi pa ana 200. Kafukufuku wamkulu wa m'mayiko 9 a ku Ulaya wotchedwa EuroPrevall, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza chiwerengero chosafika mmodzi pa 100.

Kodi mumadziwa kuti mwana wowengedwa samangolira chabe? Nthawi zambiri pamakhala china chooneka ndi maso: timizere ta magazi kapena zonanda m'chimbudzi, kusanza kobwerezabwereza, kutsegula m'mimba kosatha, khungu lokakala ndi loyabwa kwambiri, ziwengo zotuluka mwadzidzidzi, kutupa milomo kapena zikope, kapena sikelo yoima pamodzimodzi. Kubweza kamkaka pang'ono akamaliza kuyamwa, kudzitosola, kutulutsa mpweya, chimbudzi chobiriwira tsiku limodzi, zonsezi ndi ntchito za khanda lililonse.

Kodi mumadziwa kuti mkaka umene mayi wamwa supita wamphumphu kubere? Umagayidwa m'mimba ngati chakudya china chilichonse. Zimene zimadutsa ndi tizidutswa ta mapuloteni, monga ena otchedwa beta-lactoglobulin, omwe amapezeka mumkaka wa ng'ombe koma thupi la munthu silipanga. Mu lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe mumakhala magalamu pafupifupi atatu a mapuloteni amenewa. Mumkaka wa mayi amayezedwa m'magawo a miliyoni a galamu. Mu 2020, Daniel Munblit, Robert Boyle ndi anzawo atawerengetsera, anapeza kuti mwa ana 100 otsimikizika kuti amawengedwa, oposa 99 sangadzidzimutsidwe ndi kadontho kakang'ono chotero.

Kodi mumadziwa kuti kuwengedwa ndi mkaka n'kosiyana ndi kulephera kugaya shuga wake? Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa akuluakulu ambiri kuno tikamwa kapu ya mkaka wa ng'ombe m'mimba mumabangula. Chimenecho si chiwengo. Ndi shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, yemwe matupi a anthu ambiri padziko lapansi amasiya kumugaya bwino akakula, kupatula mitundu yomwe yaweta ng'ombe ndi kumwa mkaka kwa zaka zikwizikwi, monga Amasai, Afulani ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya. Khanda ndi nkhani ina: limabadwa lili ndi chida chogayira shugayu. Ndipo mkaka wa mayi uli ndi lactose wambiri kuposa wa ng'ombe, magalamu pafupifupi 7 pa mamililita 100, pamene wa ng'ombe safika 5. Shugayu amapangidwa m'bere momwemo. Mayi angasale mkaka chaka chathunthu, shugayu sachepa ngakhale pang'ono. N'chimodzimodzi mpweya wa nyemba ndi kabichi: umapangika m'matumbo a mayi ndipo ulibe njira yolowera m'bere. Apongozi atikhululukire.

Kodi mumadziwa kuti mbuzi siipulumutsa? Mapuloteni a mkaka wa mbuzi ndi wa nkhosa amafanana kwambiri ndi a ng'ombe, kotero ana ambiri owengedwa ndi wina amawengedwanso ndi winayo. Dzira, ngakhale m'masitolo limakhala pafupi ndi mkaka, si la m'gulu limeneli.

Kodi mumadziwa kuti kusala koyenera kuli ndi malire ndiponso mayeso? Dokotala akakayikira chiwengo, amauza mayi kusiya zamkaka kwa masabata awiri mpaka anayi, uku mwana akuyamwabe monga kale. Kusiya kwake n'kwa zonse: mkaka wa m'paketi ndi waufa, chambiko, yogati, tchizi, batala, chokoleti cha mkaka, komanso masikono, makeke ndi mabisiketi ophikidwa ndi mkaka. Majarini ena ali nawo. Ufa wina woyeretsa tiyi, ngakhale umaoneka ngati si mkaka, uli ndi mapuloteni ake. Pa chikuto fufuzani mawu akuti milk, whey, casein kapena caseinate. Ndiye pakubwera gawo limene ambiri amalumpha: masabatawo akatha, mayi ayambirenso kudya zamkaka. Zizindikiro zikabwerera, chiwengo chatsimikizika. Zikapanda kubwerera, kapena ngati sizinasinthe n'komwe pa nthawi yosala, mkaka ulibe mlandu ndipo tiyi abwerere mwakale. Kusala kopanda mayesowa kumasanduka ndende: mayi amasiya mkaka, kenako mazira, nsinjiro, soya, tomato, mpaka kutsala ndi nsima ndi mchere pamene thupi lake likufuna chakudya choonjezera. Koma kwa mwana amene anatupapo nkhope kapena kubanika, kuyesa kumeneku kuchitikire kuchipatala, osati kunyumba.

Kodi mumadziwa kuti kashiamu wa mumkaka wa mayi sadalira zimene wadya lero? Umboni wake unachokera mu Africa momwemuno. M'mudzi wa Keneba ku Gambia, komwe amayi ankapeza mamiligalamu pafupifupi 300 okha a kashiamu pa tsiku, Ann Prentice ndi anzake anapatsa amayi ena oyamwitsa mapiritsi oonjezera kwa chaka. Mkaka wawo sunasiyane ndi wa anzawo omwe sanalandire. Thupi la mayi limabwereka kashiamu m'mafupa ake omwe, n'kubweza ngongoleyo mwana akaleka kuyamwa. Choncho wofunika kumusamalira pa nthawi yosala ndi mayiyo. Madokotala amamufunira mamiligalamu osachepera 1,000 pa tsiku.

Kodi mumadziwa kuti zolowa m'malo mwa mkaka zili kale pamsika wa kwanu? Kapu ya mkaka wa ng'ombe ya mamililita 250 ili ndi mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu. Usipa, matemba, bonya ndi kapenta zouma, zodyedwa ndi minga yomwe, zimaposa mkaka kutalitali tikayeza kulemera kofanana. Mawere ali ndi mamiligalamu oposa 300 pa magalamu 100, pamene ufa wa chimanga uli ndi ochepetsetsa, ndiye phala la mawere ndi thobwa la chimera cha mawere, lomwe agogo amafulira mayi wa mwana wakhanda, sizinali zongosangalatsa pakamwa. Onjezanipo mpiru, repu, nkhwani, khwanya, chigwada, cham'mwamba ndi malambe. Bonongwe ali naye wambiri, kungoti thupi silimutenga yense. Kunena zoona, amayi ambiri akumudzi kuno akhala akuyamwitsa osalawa mkaka wa ng'ombe kwa miyezi, poti Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe anthu ake amamwa mkaka wochepa kwambiri. Makanda awo amalirabe madzulo ngati ena onse. Mfundo imeneyi payokha ikuyenera kutiganizitsa.

Kodi mumadziwa kuti pali opindula ndi mantha amenewa? Mu 2018, dokotala Chris van Tulleken analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti ku England, pakati pa 2006 ndi 2016, makalata a madokotala olembera ana mkaka wapadera wa m'chitini anachoka pa 105,000 kupitirira 600,000 pa chaka, ndipo ndalama zake zinachoka pa mapaundi 8 miliyoni kupitirira 60 miliyoni, popanda umboni wakuti ana owengedwa achuluka chotero. Mayi akangokhulupirira kuti mkaka wake ukudwalitsa mwana, chitini chili pafupi. Kuno mtengo wake ndi wowawa kuposa uko: madzi osatetezeka, botolo losawiritsa, kutsegula m'mimba. Ndiponso mkaka wamba wa m'chitini umapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo. Kafukufuku wa boma anaonetsa kuti kuno ku Malawi ana osafika miyezi 6 oyamwa bere lokha anatsika kuchoka pa 71 pa 100 aliwonse mu 2010 kufika pa 61 mu 2015 ndi 2016.

Kodi mumadziwa kuti gripe water, yemwe William Woodward anayamba kupanga ku England mu 1851, kale anali ndi mowa? Palibe umboni wakuti amachiritsa kulira, ndipo khanda losafika miyezi 6 silifunika kumwa iyeyo, madzi a zitsamba kapena phala lamadzimadzi.

Kodi mumadziwa kuti chitenje chinayezedwa ndi asayansi? Ku Montreal mu 1986, Urs Hunziker ndi Ronald Barr anapempha makolo ena kunyamula makanda awo maola oonjezera tsiku lililonse, ngakhale asakulira. Pa masabata 6, makandawo ankalira mochepera ndi 43 pa 100 poyerekeza ndi anzawo. Barr anaunikanso ana a mtundu wa !Kung ku Botswana, omwe sachoka pathupi la amayi awo: kulira kwawo kumafikanso pachimake pa msinkhu womwewo, koma sikukhalitsa. Ndiye azakhali akati "bwera naye kuno ndim'bereke," apatseni. Bambo ake nawonso ali ndi msana. Ndipo mutu ukazungulira ndi kulirako, mugonekeni chagada pamalo abwino, mutuluke panja kamphindi. Kumugwedeza mwamphamvu kumatha kutulutsa magazi mu ubongo.

Kodi mumadziwa kulira komwe sikudikira mawa? Thupi lotentha kapena lozizira modabwitsa, kukana bere, kulefuka, kupuma mobanika, kukomoka, liwombo lolowa kapena lotukuka, masanzi obiriwira, mimba yotupa ndi yolimba. Pamenepo za tiyi ziiwaleni, thamangirani kuchipatala usiku womwewo, buku la kusikelo lili m'manja.

Kodi mumadziwa kuti chiwengo cha mkaka nthawi zambiri chimatha chokha? Mwa ana owengedwa aja a ku Odense, oposa theka anali atayamba kumwa mkaka wa ng'ombe popanda vuto pokwanitsa chaka chimodzi. Pofika zaka zitatu, pafupifupi 9 pa 10 aliwonse anali akulimbirana kapu ndi abale awo.