Nsomba zikuthawa mumgolo usiku: zivindikireni, koma muzisiyire mpweya

ULÓNGUÈ, Angónia. Mvula ikayandikira, alimi a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amene ali ndi maiwe a nsomba amayamba kufunafuna mbewu. Ena amagula kwa anzawo, ena amakatola tiana ta milamba m'madambo. Koma si nthawi zonse pamene dziwe limakhala lokonzeka tsiku lomwelo. Nsombazo zimayamba zagona pakhomo, mumgolo, m'beseni kapena m'thanki ya simenti, masiku awiri kapena atatu. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama zawo.

Zinandigwera ine mwini. Ndinaika tiana ta milamba mumgolo wodula pakati kuseri kwa nyumba, n'kudzaza madzi mpaka pakamwa, ndikuyesa kuti ndikutichitira chifundo. Usiku kunagwa mvula. Podzuka m'mawa ndinapeza pafupifupi theka tili pansi, tina nyerere zitatizinga, tina nkhuku zikulimbirana. Kamodzi ndinakatola pafupi ndi khola la mbuzi, kakupumabe.

Abale, umenewu si ufiti. Mlamba uli ndi chiwalo m'mutu mwake chimene chimaulola kupuma mpweya wa kunja ngati ife. N'chifukwa chake umakhala ndi moyo m'matope pamene nsomba zina zafa. Nthaka ikanyowa umakwawa pamtunda, kudzikankha ndi minga yake ya m'mbali, makamaka usiku. Mgolo ukasefukira ndi mvula, kwa mlamba ndiye kuti njira yatseguka.

Makumba ndi chilinguni sizikwawa, koma zimadumpha. Zimatero zikadzidzimuka ndi tochi kapena mphaka, zikathithikana, ndiponso mpweya ukachepa m'madzi. Mpweyawo umachepa kwambiri m'bandakucha, chifukwa ndere zimene zimauonjezera masana dzuwa likamawala, usiku nazonso zimaugwiritsa ntchito. Imeneyo ndi nthawi imene mwini nsomba ali m'tulo tofa nato.

Chivindikiro sichilira ndalama zambiri. Dulani nsungwi zinayi zotalika kuposa pakamwa pa mgolo, muzimange m'makona ndi mphira ya chubu chakale cha njinga. Pamwamba pake kungani ukonde wa maso aang'ono. Ngati mulibe, ng'ambani nsungwi kapena bango muluke ngati lichero, koma motalikitsa pang'ono kuti mphepo izidutsa. Muyeso wake ndi mutu wa nsomba yaing'ono kwambiri imene muli nayo: pamene mutu walowa, thupi lonse lituluka. Waya wa khola la nkhuku amagwira ntchito pa nsomba zokulirapo, koma tiana timapyola.

Malo oopsa ndi m'mphepete. Chivindikiro chongosanjika, mlamba wokula umachitukula ndi mutu. Chimangeni ndi mphira kuzungulira mgolo, kapena tsamizani njerwa m'makona onse anayi. Mukatha, yendetsani chala m'mbali monse. Pamene chala chalowa, tsekani.

Tsopano mvetsetsani ichi, pakuti ndi pamene ena amalakwa atachita zonse bwino. Madzi asafike pa chivindikiro. Siyani mpata wa masentimita 15 kapena 20, ngati kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Mlamba umakwera pamwamba kudzameza mpweya, ndipo ukatsekeredwa pansi pa madzi ukhoza kufa chomira, ngakhale ndi nsomba. Kuti mvula isadzaze mgolo, boolani timabowo ting'onoting'ono ndi msomali pa mzere umene mukufuna kuti madzi azilekezera, kapena ikani mgolowo pakhonde.

Pepala la pulasitiki lomanga thi musaliyese, limatseka mpweya. Lata nalo limatenthetsa madzi dzuwa likaswa mtengo.

Koma choipa koposa ndi neti ya udzudzu. Ndikudziwa kuti ndiyo ili pafupi m'nyumba zambiri, ndipo maso ake ndi aang'ono bwino. Maneti amene amagawidwa kuzipatala ndi onyikidwa m'mankhwala opha udzudzu, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Mvula ikagwa pa netiyo, madzi odontha amalowa mumgolo. Mudzapeza nsomba zonse zili m'kati, palibe yothawa, koma mimba zili m'mwamba. Ndiponso neti imeneyo inaperekedwa kuti ana agonemo, malungo asawagwire.

Vuto la nsomba zodumpha si lakumudzi kokha. M'mizinda monga Tete ndi Maputo, ngakhale ku Ulaya, alipo anthu amene amaweta nsomba m'mabokosi a galasi m'nyumba, zongoonerera, osadya. Zina mwa izo ndi mbuna zamawangamawanga zochokera m'nyanja ya Niassa, imene anzathu a tsidya la malire amaitcha nyanja ya Malawi. Nawonso amavindikira mabokosi awo ndi galasi kapena ukonde, n'kusiya kampata ka mpweya, pakuti nsomba yogulidwa ndi ndalama zambiri imauma pa simenti chimodzimodzi ndi mlamba wa kudambo.

Mukasamutsira nsomba kudziwe, ntchito siinathe. Mangani kaukonde pakamwa pa paipi yotulutsira madzi ndi pa ngalande yolowetsera, ndipo khoma la dziwe likhale lokwera bwino pamwamba pa madzi. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa usiku, tengani tochi mukazungulire dziwelo.